Dzina la Taiga Linandidyera Mbuzi

Tsiku limenelo, pansi pa mkuyu uli pafupi ndi kholawu, panali ine mwini khomo, Yotamu Zgambo, amene kuyambira ku Edingeni mpaka pa Jenda amandidziwa kuti Taiga. Panali agogo anu aakazi, NyaShaba, atatambalala pamphasa ngati munthu wosadziwa kanthu. Panali malemu mlongo wanga NyaZgambo, azakhali a bambo wanu, wa mano owerengeka koma mawu osatha. Panali bambo wanu Lameki, atangofika kumene kuchokera ku Joni, nsapato zake zisanadye fumbi la kuno. Panali mayi anu NyaPhiri, atagwada patali monga mwa mwambo. Panali Moyo, mnzanga wa ku mgodi, amene sindinamuitane koma mphuno yake inamva kuti kwaphikidwa chakumwa. Panali iwe wamkuluwe, usanayambe kuyenda, ukukwawa mawondo ali mbuu. Ndipo panali mbuzi yaikazi, yoyera, yomangidwa pachitsa.

Tiyamike, iwe wamng'onowe, lemba monga ndikunenera, usakonze. Ine sukulu ndinalekera pamene aphunzitsi anayamba zogawa manambala, ndipo dzina langa ndikamalemba limafika kumapeto litatopa. Koma kukamba kokha musandiphunzitse. Ndikukamba m'Chichewa chifukwa Chitumbuka chanu, ana inu okulira ku Kasungu, chimandiwawa m'makutu. Changachi chikakuwawani pirirani, tabwezerana.

Mwandiwerengera pa foni yanuyo kuti mawu akuti taiga si a ku Joni, ndipo ngakhale Angerezi anachita kubwereka. Akuti iwo anatola kwa Afalansa, Afalansa kwa Aroma, Aroma kwa Agiriki a m'Baibulo aja, ndipo Agirikiwo mwina anawamva kwa anthu a ku Perisiya, kumene mwina ankatanthauza chinthu chosongoka ngati muvi. Mwina, mwina. Foni yanuyo imalankhula ngati mboni yoopa mlandu. Koma za muvizo ndazikonda, zikundiyenera, uzilembe ndi zilembo zikuluzikulu. Ndiye kuti mawuwa ndi mtchona ngati ine. Anachoka kwawo kalekale, agona m'makomo a eni, ndipo kulikonse kumene afika anthu amawatuma ntchito ina. Timu ya mpira ya anyamata a m'mudzi muno ndi Mataiga, ngakhale imagoletsedwa ndi aliyense wodutsa. Minibasi yolembedwa Taiga kumbuyo timachita kuikankha pachitunda. Nsomba ya mano ija, mcheni, akuti azungu nayonso amaitcha choncho. Aliyense wofuna kuoneka woopsa amabwereka pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine sindinabwereke, anachita kundipatsa.

Mawuwa ndinakumana nawo ku komponi ya mgodi ku Joni, ndili mnyamata wa ndevu zongophuka. Tinachoka kuno wapansi mpaka ku boma la Mzimba, kamba wathu ali chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha, osati za lero zoti munthu wakwera basi pa Jenda, mawa lake akutumiza chithunzi ali pamalire akudya tchipisi. Kuzizira kwa ku Joni si kwa kuno. Kwa kunoku kumangoluma khungu, kwa uko kumalowa n'kupereka moni kwa fupa lililonse. Nditangolandira koyamba ndinathamangira kusitolo ya Mmwenye pafupi ndi komponi, ndipo mmenemo ndinaona bulangeti lolemera ngati mwana wa ng'ombe, pakati pake atajambulapo chilombo chitayasamula kukamwa.

Ine ndinati ndi ingwe, imene inu Achewa mumati nyalugwe kapena kambuku. Ndinaona ndithu kuti ili ndi mizere ngati mbidzi m'malo mwa mawanga, koma ndinangoti wojambulayo ndi wa m'tauni, ingwe sanaionepo. Ine ndinali nditaionapo kamodzi, ndili kamnyamata kobusa. Masiku amenewo m'mapiri umu munali thengo, osati zitsa za makala mukuzionazi. Inagwira mwana wa ng'ombe wa amalume, amuna anaisaka ndi mikondo, n'kuinyamula pamtengo kupita nayo kwa inkosi akuimba. Ife ana tinkatsatira m'mbuyo. Ndinatambasula dzanja kuti ndingokhudza mchira, wina anandimenya ndi m'mbali mwa chishango, pakuti kwathu kuno chikopa cha ingwe ndi cha makhosi okha. Munthu wamba ukachivala ndi mlandu. Dzanja limenelo linakumbukira mpaka ku Joni. Ndiye apa ingwe yathunthu, mutu, mchira ndi zikhadabo zomwe, ikugulitsidwa kwa aliyense, popanda nduna yofunsa kuti bambo ako ndani. Ndinagula osanenerera n'komwe.

Lamlungu tikamavina ingoma pabwalo la komponi, anzanga ankavala tizikopa ta mbuzi, ine ndinkadzikulunga m'bulangeti langa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Thukuta linkatsikira mpaka m'jombo. Kapitawo wathu anali Mbunu, ndipo Mabunu nyalugwe weniweniyo amamutcha tiri, koma akalaliki ophunzira anati ayi, wa mizereyu ndi taiga. Mawu a akalaliki ndiwo anakakamira. Pofika dzinja komponi yonse inali itaiwala kuti ndine Yotamu. Moyo amati anthu anandipatsa dzinali chifukwa cha mkonono umene unkatuluka pansi pa bulangetilo. Moyo ndi wabodza, ndipo iye ku Joni anabwerako wopanda dzina, ndi chifuwa chokha. Anandipatsa chifukwa cha mphamvu. Funsani aliyense amene anandiona nditagwira chitsulo choboolera mwala. Kungoti onse anamwalira.

Ndinabwerako ndi njinga, wailesi, bokosi la malata ndi dzina. Agogo anuwa ndinawafunsira ndi bulangeti lomwelo. Ndinkalipinda bwinobwino pa kaliyala, mutu wa chilombo uli kunja kuti uziona njira, n'kumadutsa pachitsime cha kwa Shaba m'mawa ndi madzulo, belu likulira popanda munthu wonditchinga. Iwo amati anandilola chifukwa cha chisoni, akuti munthu woyenda ndi zofunda masana ndiye kuti alibe pogona. Asakunamizeni, atsikana onse a pachitsime paja ankandifuna. NyaShaba, musaseke, ndikukamba ndi ana.

Njinga inatha, wailesi inatha, bulangeti agogo anu analidula n'kuyalira nkhuku yofungatira. Dzina lokha ndilo silinachite dzimbiri. Anthu akandifunsa kuti taiga amakhala kuti, ndinkati kumapiri a kuseri kwa migodi, ndipo ndinkakhulupirira, pakuti chinthu chingajambulidwe bwanji ku Joni chisali cha ku Joni? Mphunzitsi wina wa ku Embangweni anandiuza pamaliro kuti chilombocho mu Afirika monse mulibe, chimakhala ku Indiya. Ndinamufunsa ngati iye ku Joni anafikako. Anati ayi. Ndinati basi, idyani nyemba. Anthu anaombera m'manja ine. Lero foni yanu yagwirizana ndi mphunzitsi uja, ndipo ndaona kuti ophunzira mumaikirana kumbuyo.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi agalu. Sindidziwa anayambitsa ndani, koma matchona atachuluka m'midzi muno galu aliyense wofiirira anasanduka Taiga. Galu wa nthiti zoonekera, wa nkhupakupa m'makutu, wakuba mazira, nayenso Taiga. A Tembo a kutsidya kwa dambo ndinawalondola kunyumba kwawo chibonga chili m'manja, mpaka anavomera kuti galu wawo akhale Denja. Galuyo ndiye anakana. Akamuitana Denja ankangoyasamula, koma ine ndikamadutsa anthu n'kundipatsa moni, iye ankathamanga kudzayankha ine ndisanayankhe.

Tsono pakuti kunja dzina langa linkagwera m'kamwa mwa aliyense, pakhomo pano ndinalimangira mpanda. Mwambo unali kale kumbali yanga. Kuno mkazi satchula dzina la mwamuna wake, agogo anuwa mpaka lero amati awiske Lameki, ndiye kuti bambo a Lameki. Mwana satchula dzina la bambo ake. Koma woposa onse ndi mkamwana, mkazi wa mwana wako. Ameneyo dzina la apongozi ake aamuna silidutsa pamlomo pake, ndipo salankhula nawo maso ndi maso, mawu amadzera mwa munthu wina. Si za lero izi zoti mkamwana akuimbira foni apongozi kuti adadi muli boo, atakhala pa sofa, miyendo ili m'thalauzi.

Mayi anu anachokera kwa Achewa, kumene mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi n'kumalima munda wa apongozi ngati waganyu. Ife tinapereka ng'ombe, tinawatenga. Anali munthu wabwino kuyambira tsiku loyamba, wolimba pakhasu, wodziwa kusoka fodya kuposa ana anga obereka ndekha. Koma za mpanda wanga palibe anawalongosolera. Tsiku lina wogula mtedza anaima pabwalo n'kufunsa kuti pano ndi pa yani. Iwo mwaulemu wonse, atagwada, anati pano ndi pa a Taiga. Ine ndinali m'khola ndikutapa manyowa. Phokoso limene ndinachita, a Tembo kutsidya anaganiza kuti ng'ombe yandigunda. Ndinaitanitsa mlongo wanga, ndinakamba za makolo kuyambira pamene anawoloka Zambezi, ndipo mapeto ake mayi anu anapepesa ndi nkhuku yodzera m'manja mwa NyaZgambo. Nkhukuyo tinadya ndi Moyo.

Kuyambira pamenepo sanalitchulenso, ngakhale mwangozi. Ku golosale kunkagulitsidwa mabatire a wailesi okhala ndi mutu wa chilombo chija, ndipo iwo ankati muwapatse mabatire a apongozi. Posakhalitsa msika wonse unayamba kuwatcha choncho. Ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, ndikuti onani ulemu. Zoti mwina anthu ankaseka zinandifika m'mutu mochedwa kwambiri.

Ndiye unabadwa iwe wamkuluwe, nthawi yokolola, ngolo zikututa chimanga. Mwana wamwamuna woyamba wa mwana wanga woyamba. Kuno dzina amapereka ndi agogo a kuchimuna, mchombo ukagwa. M'mawa wa tsikulo agogo anu anandiikira madzi osamba, n'kumachedwachedwa pakhomo la bafa, kenako anandifunsa ngati dzina ndaliganizira bwino. Anati lilipo la malemu bambo anga, alipo a m'Baibulo ambirimbiri ongokhala. Ndinawayankha kuti dzinalo ndinaliganiza Lameki asanabadwe, ndipo nkhani za maina si za kukhitchini. Anangoti yewo, n'kunyamula ndowa.

Mundimvetse, ana inu. Ng'ombe zinali zitachepa, munda ndi wa makolo, nyumba ya malatayi anamanga ndi Lameki osati ine. La Yotamu anandipatsa a mishoni, la Zgambo ndinalipeza. Chinthu chokha chimene ndinachikumba ndekha, ndi thukuta langa, pansi pa nthaka ya eni, chinali dzinali. Ndinkaopa kuti tsiku londiika m'manda lidzatsala ndi agalu okha.

Ndinakunyamula pamaso pa anthu, ndinakweza mawu kuti ndi a ku Engutwini omwe amve, ndinati mwanayu ndi Taiga Zgambo. Ndinadikira nthungululu. Inabwera imodzi, yopyapyala, ya NyaZgambo, yothera m'kutsokomola. Moyo yekha ndiye anaomba m'manja, koma Moyo amaombera chilichonse chimene pambuyo pake pali chakumwa. Mayi anu anaweramitsa mutu, anathokoza kudzera mwa agogo anu, anakulandira n'kulowera kuseri kwa nyumba. Ine ndinatengana ndi amuna kupita kukhola kukawafotokozera za ku Joni.

Bambo wanu anabwerera ku ntchito. Miyezi inayamba kuyenda, ndipo pang'onopang'ono, ngati munthu wokhalira linthumbu, ndinayamba kumva kuti penapake pakuluma. Dzina lija pakhomo pano silinkamveka. Agogo anu ankati mwana wa Lameki. Mayi anu ankati mwanayu. Lameki akaimba foni ankafunsa kuti mnyamata akukula bwanji. Ndinali nditamanga mpanda wautali kuti mkazi wanga, mwana wanga ndi mkamwana wanga asalowemo, kenako ndatenga khanda lawo n'kuliika mkati. Otsala oti n'kukuitana tinali ine ndi mlongo wanga, ndipo iye ankangokutcha kamphuno. Ine ndikakuitana unkangolira. Ndinkati ndi ulemu.

Za ku sikelo mukazimva kwa ena, ndi bwino muzimve kwa ine. A zaumoyo ankabwera pa njinga n'kupachika sikelo yoyezera ana pamtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Tsiku lina ndili kudimba ndikuthirira mpiru, kunabwera uthenga woti ndikufunidwa msanga. Ndinathamanga, ndikuti mwana wadwala. Ndinapeza amayi atadzaza bwalo, aliyense khanda pamwendo, akuimba nyimbo ya kulera, yoti kubereka pafupipafupi kumakalambitsa. Mwamuna ndinali ndekha, matope mpaka m'mawondo. Mtsikana wa zaumoyo anandifotokozera kuti mayi awa akukana kutchula dzina la mwana, kulemba akukananso, akuti dzanja ndi pakamwa mwini wake ndi mmodzi. Apongozi awo aakazi nawonso akuti sangathe. Ndiye onse akuti dzinali lili ndi inu. Anawonjeza kuti ndikhale pamzere, pakuti amayi ena anafika kale.

Ndinakhala, ana inu. Taiga wa ku komponi, pakati pa NyaTembo ndi mtsikana wina woyamwitsa mapasa, ndipo nyimbo itabwerezedwa anati aliyense aziomba m'manja. Gogo wina amene tinkabusa limodzi mbuzi tili ana anandikuwira kuti, "A Zgambo, vulani malaya tikukolekeni, tione ngati mukukwera kapena mukutsika." Nthawi yathu itakwana ndinanena dzina. Ndinkafuna kulinena motsitsa, koma mmero wanga motsitsa sudziwa. Makanda onse pabwalo analira nthawi imodzi, ndipo kuchokera kuseri kwa chimbudzi cha tchalitchi kunatulukira galu.

Komabe sindinagonje. Ndinati mwambo ndi mwambo, ngakhale uwawe.

Chimene chinandithyola chinachitika m'dzinja, nthawi yosoka fodya. Chimfine chinandigwira pakhosi, mawu anatheratu, ndinkangonong'ona ngati bakha wamphongo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinkafika pamalo mawu anga asanafike. Masana ena ndinazungulira kuchigafa, ndinamva mayi anu akuimba. Anali atakhala pansi, masamba a fodya ali pambali, iwe uli pamwendo ukulimbana ndi tulo. Inali nyimbo ya kwawo yotonthozera mwana, yoti penapake umaikapo dzina la mwanayo. Atafika pamenepo anatseka pakamwa. Anangoyendetsa nyimboyo m'mphuno, n'kupitiriza mawu otsatira. Anabwereza, ndipo pamalo pomwepo panali dzenje lomwelo. Ndinaima ndi ndodo yanga ngati chitsa. Ine amayi anga, malemu NyaSoko, ankandiimbira ndi dzina langa, ndipo ngakhale pansi pa mgodi, miyala ikamalira pamwamba pathu, ndinkalimvabe m'mawu awo. Ndinabwerera osatsokomola n'komwe.

Masiku otsatira ndinkabusa ng'ombe kudambo ndikukangana ndekha. Njira zinali ziwiri ndipo zonse zinali ndi minga. Kubweza dzina, ndiye kuti ndanyambita malovu amene ndinalavula pamaso pa mudzi, ndipo Moyo adzaseka mpaka chifuwa chake chimumalize. Kulisiya, ndiye kuti mdzukulu wanga adzakula osamvapo mayi ake akumuitana. Mawu atabwerera ndinapita kwa mlongo wanga. Anandimvetsera akusenda maungu, kenako anati mwambo uli ndi kakhomo kake: apongozi akhoza kumasula pakamwa pa mkamwana, pamaso pa abale, pomupatsa chiweto m'manja. Anati nkhuku imakwana. Ndinati nkhuku apereke Moyo. Ine ndipereka mbuzi, ndipo osati mbuzi wamba koma yoyera ija yobereka mapasa. NyaZgambo anandiyang'ana nthawi yaitali, mlomo ukunjenjemera, n'kunena kuti, "Mbwenu, adumbu, perekani mbuzi." Ine ndinkati wakhudzidwa ndi mtima wanga wabwino.

Musaganize kuti zinali zopepuka. Ndinkadziwa chimene ndikudziitanira. Kudamboko ndinkayeserera ndekha kuti makutu azolowere. Taiga, lavula dothi. Taiga, bwera ndikumine. Taiga wakodzeranso pamphasa. Zonsezo pabwalo langa lomwe, m'mawu a mkamwana, alendo akumva. Ng'ombe zinkasiya kudya n'kumandiyang'ana. Koma ndinati bola dzina likhale ndi mamina kusiyana n'kutsala ndi agalu.

Tinadikira kuti bambo wanu abwere, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Agogo anu anaphika chindongwa, chimene inu mumati thobwa, ndipo tinakhala pansi pa mkuyu, anthu aja ndawatchula poyamba. Ndinavala jekete. Ndinaimirira n'kuyamba kukamba. Ndinayambira pa kuzizira kwa ku Joni, ndinadzera pa bulangeti, ndinafotokoza za ulemu wa Angoni, ndinanena kuti munthu wamkulu weniweni ndi amene amadziwa kutsika. Mthunzi wa mkuyu unasuntha, anthu anasuntha nawo, ine ndikadali pakati pa nkhani. Iwe unali utachoka pamphasa, ukukwawira kumene mbuzi inasiya timibulu take.

Pomaliza ndinamasula chingwe, ndinayenda ndekha mpaka pamene mayi anu anagwada, ndinachiika m'manja mwawo. Ndinati kuyambira lero pakamwa panu ndi pomasuka, dzina langa ndi lanu, mutchule mmene mungafunire, musisite nalo, mukalipe nalo.

Anachilandira ndi manja awiri. Anakweza maso, ndipo aka kanali koyamba kuti tiyang'anane. Anati, "Yewo chomene, adada. Yewo, a Taiga."

Ndikuuzeni zoona, dzina lija ndalimva m'kamwa mwa Mabunu, mwa Asutu, mwa oledzera ndi mwa eni agalu, koma silinamvekepo bwino ngati mmene linamvekera pamenepo. M'maso munachita ngati mwalowa utsi. Ndinaloza ndi ndodo kumene unali, dzanja lako litadzaza kale ndi za mbuzi zija likupita kukamwa, ndipo ndinati, "Itanani mwana wanu, mkamwana."

Anatembenuka, ndipo motsitsa, ngati munthu amene amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, anati, "Chimango, taya. Bwera kuno."

Unataya. Unatembenuka nthawi yomweyo, unaseka ndi timano tako ta kutsogolo, n'kukwawa molunjika mpaka pamiyendo pawo.

Ndinayang'ana anthu kuti ndione amene adabwa nane. Agogo anu anali otanganidwa ndi kabango kotuluka pamphasa. Lameki ankapukuta nsapato yoyera kale. NyaZgambo anali atadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Moyo anali atalowetsa nkhope yonse m'chipanda. Ndinamugunda ndi ndodo n'kumufunsa ngati nayenso ankadziwa. Anati, "A Taiga, ndi a ku sikelo omwe amadziwa. Ifetu timati mukudziwa koma mukungolimba mtima." Pamenepo ndinakumbukira za kuchigafa kuja, kuti dzuwa linali kumbuyo kwanga, ndipo chithunzithunzi changa, ndi ndodo yomwe, chinali chitagwera pa fodya wawo ine ndisanaime n'komwe.

Ndinatsegula pakamwa, koma mawu anachita ngati chimfine chija chabwerera. Chimene ndinakwanitsa ndi kufunsa mayi anu kuti, popeza tsopano ndawamasula, la Taiga lalakwanji. Anayankha okha, osadzera mwa munthu, chingwe cha mbuzi yanga chili m'manja. Anati dzinalo salikana, ndi lalikulu, ndipo ku sukulu lidzalembedwa. "Koma adada, mwana ndi woti ndizimukalipira tsiku ndi tsiku. Ndizikalipira inu?"

 Chimango m'Chitumbuka ndi mtendere, ndipo ndani angaime pabwalo, ali m'jekete, n'kukuwa kuti mtendere sakuufuna? Ndinakhala pansi n'kupempha chindongwa. Mbuzi sanabweze, inenso sindinaifunse. Zonse zikulira m'kholamo ndi zidzukulu zake, ndipo ngakhale imodzi si yanga. N'chifukwa chake mpaka lero ine ndi aphunzitsi okha ndife timakutcha Taiga, ndipo tonse umatiyankha mochedwa.

Dzuwa litapendeka ndinapita ndi bambo wanu kukatsekera ng'ombe. Mawu anali atabwerera, ndipo ndinawagwiritsa ntchito. Ndinamufunsa kuti ndi mwamuna wanji amene mkazi wake, mlendo wochokera kwa Achewa, amatcha dzina mwana wa kwa Zgambo kuseri kwa mwini khomo, iye ali phee. Ndinati ng'ombe zathu zinapita pachabe. Ndinanena zambiri, iye akungolowetsa mipiringidzo pachipata, umodziumodzi. Nditaima kuti ndipume, anapukuta manja pathalauzi n'kunena kuti:

"Adada, mkamwana wanu musamulakwire. Iye dzina lanu analilandira, anapita nalo kuseri kwa nyumba, anakhala pansi n'kumalira. Amene anamupeza kumeneko n'kumupatsa la Chimango ndi amama, tsiku lomwe lija. Anati tidzakuuzeni mukadzamaliza kulankhula. Takhala tikudikira."